Aphunzitsi, tulutsani ana akaumbe phiri

Mwana wa ku Zingwangwa akangotsegula chitseko m'mawa amaona phiri la Soche. Wa ku Chilomoni ali ndi Michiru, wa ku Bangwe ali ndi Mpingwe, za ku Ndirande sitinena n'komwe. Koma akalowa m'kalasi, phiri limasanduka mawu oloweza: pamapu malo okwera ndi ofiirira, otsika ndi obiriwira, Sapitwa ndi mamita 3,002. Mayeso akhoza ndithu, koma mukamufunsa kumene madzi a padenga lakwawo amathera angokuyang'anani.

Phunziroli silifuna ndalama. Dothi lili paseri pa kalasi pomwepo. Ana aumbe timapiri tiwiri, kena akafunditse kapinga, kena akasiye kambee. Atenge chitini chobowolabowola kunsi, athiremo madzi, mvula ija yagwa. Pa kapinga madzi amatsika pang'onopang'ono, ali oyererako. Pa kambee paja amakumba ngalande n'kutsika ndi matope, ndipo timabokosi ta machesi timene anaika m'munsi ngati nyumba timakokoloka ana akuona. Akatero azungulize ulusi paphiri lawolo, mzere uliwonse utalikirane ndi unzake zala ziwiri kukwera m'mwamba, kenako aliyang'ane ataima pamwamba pake. Pamene ulusi wathithikana, m'pamene pali potsetsereka kwambiri. Mizere ya pamapu imene imazunguza mitu ana athu ndi yomweyo basi.

Izi si zachilendo. Kukoleji aphunzitsi anaphunzira kale za Talular, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Chimene chimavuta n'kuchuluka kwa ana, komanso makolo ena amene amakalipa yunifolomu ikada. Koma sopo ndi wotchipa poyerekeza ndi zimene tinaona mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala ku Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Akuluakulu amati wadutsa Napolo, monga ankanenera ku Phalombe mu 1991. Sindikutsutsana nawo agogo, koma mwana adziwenso kuti madzi amatsata chigwa, ndipo phiri lopanda mitengo silingawagwire.

Ana amene ali sitandade 5 lero ndi amene mawa adzagule mapuloti m'mphepete mwa mitsinje ya Mudi ndi Nasolo. Aphunzitsi akulu, apatseni mpata atuluke panja mvula isanayambe. Inunso makolo, yunifolomu ikabwera ndi matope, ingochapani.