Kodi Moto Uwoloka Liti Nkhalango?

Anzanga, tikamva za fiziki ambiri timangoganiza za nyenyezi. Ine ndikuti wofuna digiri yapamwamba ya fiziki aganizirenso phunziro la percolation, limene Broadbent ndi Hammersley analiyambitsa mu 1957.

Jambulani timabokosi tambirimbiri m'mizere, ndipo mwa tina muikemo mitengo mwachisawawa. Tinene kuti moto umangogwira mtengo woyandikana nawo. Mitengo ikachepa, moto umazimira panjira; ikadzaza timabokosi toposa 59 pa 100, mwadzidzidzi umatha kuwoloka nkhalango yonse. Madzi olowa m'thanthwe amayendanso motero.

Ena adzati awa ndi masamu chabe, si fiziki. Koma nambala yeniyeni ya malire amenewa palibe waipeza, makompyuta amangoiyandikira. Ine ndikadzachoka pano ndifuna kukaifunafuna.