Ntchito Yoyamba Ndi Kukulipiritsani Si Ntchito



Uthenga wake sukusowa m'mafoni masiku ano. Umabwera pa WhatsApp kuchokera ku nambala yachilendo, kapena umaponyedwa pagulu la pabanja ndi munthu amene timamudziwa bwino, wonena kuti mutha kupeza ndalama muli kunyumba pongodinadina foni. Kwa wophunzira amene akusowa fizi, kapena mayi amene akulingalira za zovala za ana za pa Idi, mawu amenewa ndi okoma kuwamva. Koma ntchito iliyonse yofuna kuti muyambe mwalipira ndinu ndi msampha, ndipo amene amafalitsa uthengawu kwa abale ake, ngakhale atero ndi mtima wabwino, ndiye amautchera msamphawo pakhomo pathu.

Chinyengochi chili ndi kayendedwe kake, ndipo ndi bwino tikadziwe. Poyamba amakupatsani tintchito topepuka: kusonyeza kuti mwakonda kanema wa pa YouTube, kapena kuyamikira hotela imene simunagonemo ndi katundu amene simunamuonepo. Mukatumiza chithunzi chotsimikiza kuti mwachita, amakulipiranidi kangachepe. Imeneyi ndi nyambo. Kenaka amakusamutsirani ku Telegram, pagulu lodzaza anthu oonetsa ndalama zimene akuti alandira, pomwe ambiri mwa iwo ndi akuba omwewo ogwiritsa ntchito mayina osiyanasiyana. Akaona kuti mwakopeka, amati tintchito ta malipiro akuluakulu timafuna kuti muyambe mwaikamo zanu. Pa foni manambala amaoneka akukwera, koma mukafuna kutapa amati mwalakwitsa penapake, kapena pali msonkho, onjezerani. Manambalawo amangolemba okha, kumbuyo kwake kulibe ngakhale tambala.

Tisaganize kuti amene amagwa m'mbunamu ndi osaphunzira okha. Ku United States, bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linanena kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira ya 2024 linalandira madandaulo pafupifupi 20,000 okhudza tintchito totere, pomwe m'chaka chonse cha 2023 analipo pafupifupi 5,000. M'miyezi yomweyo, ndalama zimene anthu ananena kuti anaberedwa kudzera m'ntchito zabodza zinaposa madola 220 miliyoni.

Wina anena kuti, mnzanga walandira ndithu, ndaona ndi maso anga. N'zoona, walandira. Nawonso oyamba kulowa mu MMM ya Sergei Mavrodi, imene inkalonjeza phindu la 30 peresenti pamwezi, ankalandira, mpaka inagwa mu 2016 ndi kuliza anthu ambiri ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria. Oyamba amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo kuti akhale mboni. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: ndalama walandirayo yachokera kuti? Ndani wagula chiyani? Ngati palibe katundu wagulitsidwa kapena ntchito yeniyeni yagwiridwa, ndiye kuti yachokera m'thumba la munthu wina, mwina msuweni wanu amene munamuitana nokha. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Palinso china chimene sitichilabadira. Kuyamikira hotela imene simunafikeko ndi kuperekera umboni wabodza, chifukwa pali munthu amene adzawerenge mawu anuwo ndi kuwakhulupirira. Ngakhale malipiro ake akanakhala oona, si rizki lakuti munthu wosamala za halali angalibweretse pa mphasa ya futari.

Ophunzira samalaninso ndi ntchito ina yooneka yopanda vuto: yolandira ndalama pa Airtel Money, Mpamba kapena ku akaunti ya kubanki ndi kuzitumiza kwina, inu n'kutsalako ndi kachepe. Nambala yanu inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika. Woberedwayo akakadandaula, dzina limene apolisi adzalipeze ndi lanu, pomwe wakubayo simukumudziwa ngakhale nkhope. Ndipo ena amene amayankha malonda a ntchito zabodza amataya zoposa ndalama. Mu 2023 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inanena kuti anthu osachepera 120,000 ku Myanmar ndi pafupifupi 100,000 ku Cambodia angakhale akusungidwa mokakamizidwa kuti azibera anzawo pa intaneti. Ambiri anapita kumeneko atalonjezedwa ntchito yabwino ya pa kompyuta.

Kudandaula kwakuti ntchito zikusowa ndi koona, ndipo sitingauze achinyamata kuti angopinda manja. Ntchito zenizeni za pa intaneti zilipo: kumasulira, kulemba, kuwerengera ndalama za mabizinesi, kukonza ndi kusamalira mawebusaiti. Wosamalira webusaiti amayenera kudziwa kuika mapulogalamu atsopano, kusunga makope a zonse ndi kutseka mipata yolowera akuba. Zimenezi zimatenga miyezi kuphunzira, kasitomala wake amadziwika dzina, ndipo ndalama imachoka kwa wolemba ntchito kupita kwa wogwira ntchito. Ikatembenuka njira, dziwani kuti katundu amene akugulitsidwa ndinu.

Tsono udindo wagona pa ife amene timakhulupiriridwa m'mabanja. Amalume, azakhali, atsogoleri a magulu a achinyamata, uthenga wochokera kwa inu umalemera kuposa wochokera kwa mlendo, ndipo akubawo amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amalonjeza mphoto kwa wobweretsa anzake. Musautumize kwina musanaufufuze. Mukauona pagulu, chenjezani poyera, osati kumbali kokha.

Amene waberedwa kale tisamuseke, chifukwa manyazi ndi amene amachititsa munthu kubisa ndi kupitiriza kuthira ndalama poyembekeza kubweza zotayikazo. Asiye kutumiza lero lomwe, asunge mauthenga onse, adziwitse banki kapena kampani ya foni mwachangu, ndipo akanene kupolisi. Akadzaimbiridwa ndi munthu wolonjeza kumubwezeretsera ndalamazo akalipira kaye kenakake, adule foni, pakuti kawirikawiri amakhala omwe aja abweranso.