Mapazi akuotcha usiku? Musagulitse kaye mbuzi

Sabata yatha ndinatsika basi cha ku Kuti ku Salima. Kumeneko ndinacheza ndi mayi wina wogulitsa usipa. Akuti usiku sagona, mapazi amaotcha ngati aponda makala, ndipo ngakhale chitenje chikangowakhudza amachita kudumpha. Mwana wawo wa ku Joni wamva za dilipi yotchedwa immunoglobulin, ndiye mayiwa akuganiza zogulitsa mbuzi zawo zonse kuti akabayitse.

Ndinati mayi, dikirani kaye.

Vutoli limabwera timitsempha ting'onoting'ono ta pakhungu, timene timamva ululu ndi kutentha, tikawonongeka. Dilipiyo amaipanga kuchokera m'magazi a anthu masauzande, n'chifukwa chake mtengo wake ndi woboola m'thumba. Madokotala a ku Maastricht ku Netherlands anaiyesa pa odwala 60 omwe chowayambitsa vutoli sichinadziwike, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2021. Mwa 30 omwe analandira dilipi yeniyeni, 12 anati ululu wachepa. Mwa 30 omwe anangolandira madzi a mchere osadziwa, 9 anatinso wachepa. Ofufuzawo anati kusiyana kotereku n'kochepa kwambiri moti sikutsimikizira kanthu. Eti mbuzi zipite chifukwa cha anthu atatu? Komanso dilipiyo imabweretsa litsipa.

Kwathu kuno choyambitsa nthawi zambiri chimapezeka. Shuga ndiye woyamba. Enanu pamsika mukuyenda naye osadziwa. Kachasu naye amadya mitsempha. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amatha kuotcha mapazi, n'chifukwa chake amaperekera limodzi kapilitsi ka vitamini B6, kamene ena mumakataya poyesa n'kachabe. HIV payokha imachitanso zomwezi. Akuluakulu akukumbukira Triomune, ma ARV omwe boma linayamba kugawa ulere mu 2004. Munali stavudine, yemwe anasiya anthu ambiri mapazi ali dzanzi, mpaka boma linasintha mankhwalawo pakati pa 2011 ndi 2013. Ena ululuwo sunawachoke mpaka lero.

Nditawafunsa mayi aja ngati anayezetsapo shuga, anaseka. Akuti asiye bwanji lichero la usipa pa dzuwa n'kukakhala pamzere tsiku lonse? Ndinawauza kuti kuyezako n'kubaya chala basi, ndipo adokotala ali ndi mapilitsi otchipa ngati amitriptyline ochepetsako kuotchako usiku.

Agwirizana ndi mnzawo wa benchi yoyandikana kuti awagulitsire Lachiwiri.