Ana akulire kuti, ku Joni kapena kwa agogo?

Masabata apitawa foni yanga idalira usiku anthu atagona. Anali mwana wa mlongo wanga yemwe ali ku Johannesburg. Wakhala kumeneko zaka 8 akusamalira kapinga ndi maluwa pa nyumba za mabwana, mkazi wake akuchapa ndi kusita. Ali ndi ana awiri ndipo onse adabadwira komweko.

"Amalume," adatero mnyamatayo, "ine mutu waima. Anawa ndiwatumize kwa amayi kumudzi kapena tizikhala nawo konkuno? Wamkuluyu akachedwa pang'ono kuchokera ku sukulu, mayi ake amayamba kulira."

Usiku umenewo sindidamuyankhe. Ndikumuyankha lero pa tsamba lino chifukwa funsoli si la iye yekha. Likufunsidwa m'mabanja ambiri a ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ku Mangochi ndi ku Machinga, ngakhalenso ku Ndirande ndi kwa Kawale.

Makolo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba sankavutika ndi funso limeneli. Bambo ankapita yekha ku migodi, mayi ndi ana nkutsala pamudzi, kontalakiti ikatha nkubwerako ndi njinga ndi bulangete. Maulendo amenewo adatha mu 1988. Lero zinthu zidasintha. Amayi nawonso akukwera basi ya pa Mwanza, kudutsa ku Tete ndi ku Harare mpaka pa Beitbridge, ndipo ana akubadwira m'tizipinda ta lendi ta ku Alexandra, ku Diepsloot ndi ku Durban.

Tiyeni tinene mosabisa. Mantha a mnyamatayu si oyerekeza ayi. Mu Meyi 2008 zipolowe zothamangitsa alendo zidayambira ku Alexandra nkufalikira dziko lonselo, ndipo anthu 62 adaphedwa. Masiku amenewo munthu ankaimitsidwa pamsewu nkufunsidwa dzina la chigongono m'Chizulu. Akalephera, zake zada. Mu Epulo 2015 moto udabukanso ku Durban mpaka boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mu 2019 zidachitikanso ku Durban ndi ku Johannesburg. Mu 2021 kudabadwa gulu la Operation Dudula, ndipo mu 2025 anthu ake ankaima pazipata za zipatala kubweza amayi achilendo, ana ali kumsana. Tisaiwalenso moto wa pa 31 Ogasiti 2023 m'nyumba yosanjikizana ya Usindiso mkatikati mwa Johannesburg, umene udapha anthu oposa 70. Mwa akufawo mudali ana, mudalinso a Malawi.

Komabe ine ndikuona kuti choopsa chachikulu kwa ana amenewa si chikwanje cha anthu olusa. Zipolowe zimabwera nkupita. Chimene chimakhala nawo tsiku ndi tsiku ndi kusowa mapepala.

M'Malawi akamalowa mu South Africa amapatsidwa masiku 30 okha. Ambiri mwa abale athu masikuwo adawathera kalekale. Tsono mwana akabadwa, kholo limaopa kupita ku ofesi ya Home Affairs kukamulembetsa poopa kuti likadziulula lokha. Dziko limenelo silipereka unzika kwa mwana chifukwa chongobadwira kumeneko. Lamulo lawo limalola mwana wa alendo kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, koma pokhapokha ngati kubadwa kwake kudalembetsedwa ndipo wakhala komweko moyo wake wonse. Kuno kwathu lamulo limati mwana wa m'Malawi ndi m'Malawi ngakhale abadwire kunja, koma nalonso limafuna umboni. Nanga mwana amene sali m'kaundula wa uko, saalinso m'kaundula wa kuno, ndi wa dziko liti?

Nzoona kuti mu 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti sukulu za boma zisamakane mwana chifukwa chosowa mapepala. Chigamulocho nchabwino. Koma lamulo limakhala m'buku, pamene pachipata pamaima munthu. Ndipo palibe chigamulo chimene chingathandize mwana amene waweruka ku sukulu nkupeza chitseko chokhoma chifukwa bambo ndi mayi ake agwidwa m'mawa nkupita nawo ku Lindela kukadikira kuthamangitsidwa. Kholo limene limabisala likaona galimoto ya polisi silingathamangire ku polisi komweko mwana wake akagwiriridwa kapena akasowa. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Wina anena kuti: ndiye basi, ana onse abwere kumudzi, kwanu nkwanu mthengo mudalaka njoka. Mwambiwo ngoona, koma tisanamizane, a Malawi anzanga. Kuno si ku paradaiso. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakwirira mabanja athunthu ku Chilobwe m'tsinde mwa phiri la Soche. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mtengo wa sopo ndi shuga nkuuluka. Maphunziro a pulayimale ngaulere kuyambira 1994, koma m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi amayang'anizana ndi ana oposa 100. Malamulo adaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, koma m'midzi atsikana akadakwatiwabe.

Tonse tikuwadziwanso ana a matchona amene adasiyidwa kwa agogo. Ali ndi foni yodula ndi nsapato za ku Joni, koma alibe wowafunsa kumene achokera usiku. Agogo miyendo idatha, maso sakuonanso bwino. Ndalama ya fizi ikabwera imadutsa m'manja mwa amalume kapena azakhali nkuthera ku feteleza, mwinanso ku mowa. Mwana wotereyu wathawa mpeni wa ku Alexandra, koma wagwa mu umasiye makolo ake ali moyo.

Zimenezi sindikuzinena mongomva. Bambo athu atathawa m'dziko muno mu 1965, pambuyo pa mkangano wa nduna ndi Kamuzu, adanditenga ine nkusiya mlongo wanga kwa agogo. Ine ndidakulira ku Matero mu Lusaka. Ndidali ndi bambo, koma ndidaphunzitsidwa ndili wamng'ono kusatchula mudzi wa kwathu kwa munthu wosamudziwa. Mu 1989 mtolankhani Mkwapatira Mhango atatenthedwa m'nyumba mu Lusaka momwemo pamodzi ndi akazi ake ndi ana, tidadziwa kuti malire a dziko sateteza mwana. Mlongo wanga adakulira pamudzi, pakati pa abale, akudya nsima ya kwawo. Koma kalata ya bambo sinkamufika, ndipo atakumana nawo chikhululukiro cha mu 1993 chitalengezedwa, adawapatsa moni ngati mlendo wodutsa. Mpaka lero timatsutsana kuti adapepukidwa ndani. Inu amene mudabwerako ku Zambia, ku Tanzania ndi ku Mangalande zaka zimenezo mukudziwa chimene ndikunena. Njira zonse ziwiri zili ndi mtengo wake, ndipo amalipira ndi mwana.

Tsono yankho langa nali. Malo olelerapo mwana ndi pamene mwanayo angatchule dzina lake ndi kwawo popanda mantha, pamene akadwala amalowa m'chipatala mosabisala, ndiponso pamene pali munthu wamkulu amene amamudikira madzulo aliwonse. Ngati muli ndi chilolezo chokhalira ku Joni, ana adalembetsedwa, ndipo dera lanu nlabata, khalani nawo. Palibe mlandu. Koma aphunzitseni chilankhulo cha kwawo ndipo muzibwera nawo kudzaona agogo, kuti tsiku la tsoka asadzafike kuno ngati alendo. Kuyambira pamene aphungu adasintha lamulo mu 2018, m'Malawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri, choncho mwana sataya kanthu pokhala ndi mapepala a mbali zonse.

Koma ngati inu eni mulibe mapepala, ndikunena mosapsatira: ana akulire kuno. Ndipo abwere mwadongosolo, osati kupakiridwa pa basi m'manja mwa kondakitala ngati katoni ya mafuta ophikira. Ngati nkotheka kholo limodzi libwere nawo nkukhala nawo, lina litsale likugwira ntchito. Ndikudziwa kuti ndalama ichepa. Koma mudapitira chiyani ku Joni ngati si anawo? Tengani chikalata cha kuchipatala kumene adabadwira, buku la sikelo ndi malipoti a ku sukulu, ndipo mukafika kawalembetseni ku ofesi ya kalembera kwa DC. Sukulu kuno imatsegulira mu Sepitembala, osati mu Januwale ngati uko, choncho werengani miyezi bwino. Abwere akadali aang'ono, pakuti m'mera mpoyamba. Mwana wa zaka 13 wongodziwa Chizulu ndi Chingelezi adzalira ndi mayeso a Chichewa a Sitandade 8.

Ngati palibe kuchitira mwina koma kuwasiya kwa abale, khalani pansi ndi mbumba yonse mugwirizane poyera kuti woyang'anira ana ndani. Fizi muzilipira nokha ku sukulu. Foni zilipo masiku ano, si nthawi ya bambo anga ija. Lankhulani ndi mwana, lankhulaninso ndi mphunzitsi wake. Ndipo dziikireni malire: zaka ziwiri kapena zitatu, mukamaliza nyumba, bwererani. Chachikulu nchakuti zonsezi muziganize kukadali bata. Chakudza sichiimba ng'oma. Munthu saganiza bwino za tsogolo la ana ake atagona pabwalo la polisi, katundu atapsa.

Boma nalo lisangokhala chete ngati nkhaniyi siikulikhudza. Kutumiza mabasi anthu atafa kale si kuteteza nzika. Tili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg. Bwanji osamapita kumene a Malawi amakhala nkumalembetsa ana awo? Chiphaso choyendera chisakhale ngati mphotho ya olemera ndi odziwika. Mu 2024 ntchito yosindikiza ziphaso idaima kwa masabata angapo, ndipo amene adavutika kwambiri ndi anthu wamba omwewa. Ndalama za matchona zikamanga nyumba za malata ku Mzimba ndi ku Mangochi timaombera m'manja. Ana awo tiwawerengenso ngati athu.

Komanso tidziyang'ane tokha. Mu Meyi 2023 apolisi athu adagwira anthu a ku Burundi, ku Rwanda ndi ku Congo m'matauni mwathu muno, ana omwe, ena nkuyamba awasunga ku ndende ya Maula asanawatumize ku Dzaleka. Ambiri a ife tidakondwera. Usiku umenewo kholo lina la ku Burundi linkafunsa funso lomwe lija la mwana wa mlongo wanga. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sitingalirire ana athu ku Diepsloot kwinaku tikuseka ana a eni kwa Mgona.

Kwa iwe mphwanga, mawu anga ndi awa. Mapepala ulibe, ndipo ukudziwa. Mayi a anawo abwere nawo sukulu isanatsegulire. Ine ndikawalandira pa depoti ku Blantyre, ndipo ndidzawaperekeza ndekha kwa DC. Iwe tsala umalize zimene udapitira, koma usachedwe. Mayi ako adakula osawadziwa bambo awo chifukwa cha ndale za nthawi imeneyo. Iwe palibe amene wakutsekera malire. Usalole kuti ana ako adzakupatse moni wa mlendo.