MACHEZA A PAKHONDE: Wolemba Nthano Aphunzire kwa Kanema



Mwezi wathawu anadza kwathu mnyamata wina wa kuno ku Kasinje, atanyamula kope la sukulu, nati, "Aphunzitsi, ndalemba nthano, mundiwerengere, mundiuze ngati ili bwino." Ndinalandira kopelo ndi manja awiri, pakuti si chinthu chaching'ono kuti mwana wa m'mudzi akhale pansi ndi kulemba masamba 12 popanda womtuma. Koma nditayatsa nyali madzulo ndi kuyamba kuwerenga, tulo tinandigwira ndisanafike tsamba lachinai. Nthanoyo inayamba ndi kubadwa kwa munthu, nitchula makolo ake, mudzi wake ndi sukulu yake; inatiuza kuti munthuyo anali waulesi, wosamvera ndi wokonda mowa; ndipo potsiriza inatilangiza kuti tisakhale monga iye. Mau onse anali oona, Chichewa chake chinali chokoma, koma munthu wa m'nthanoyo sindinamuona ndi maso ngakhale kamodzi.

M'mawa mwake ndinampeza mnyamata yemweyo pa msika, anzake atamzinga, alikuwasimbira kanema amene anaona m'nyumba ya vidiyo. Ha! Anali munthu wina. Manja analankhula, maso analankhula. Anaonetsa umo mbala inabisalira kuseri kwa chitseko, ndi umo mwini nyumba anaimira pakhomo namvetsera. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachoka. Pamenepo ndinadzifunsa mumtima, Kodi bwanji mwana uyu adziwa kusimba ndi pakamwa, koma akagwira cholembera asanduka mlangizi? Za ichi ndifuna kucheza nanu mwezi uno, inu ana amene mulakalaka kulemba, ndi inu makolo amene mudandaula kuti ana alikutha ndalama ku kanema.

Nthenda ya mnyamatayu si yatsopano, ndipo opanga kanema anadwala nayo iye asanabadwe. M'zaka za 1935 kufikira 1937 Azungu awiri, Notcutt ndi Latham, otumidwa ndi bungwe la International Missionary Council, anapanga zithunzi zoyenda 35 ku Tanganyika, naziyendetsa pa galimoto ku Kenya, ku Uganda, ku Northern Rhodesia ndi kuno kwathu, kumene nthawi imeneyo kunatchedwa Nyasaland. Mau ake anali pa mbale za galamafoni, m'zinenero za eni dziko, ndi Chinyanja chomwe. M'chaka cha 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, mudzi umene lero utchedwa Harare, kuti ipangire anthu akuda a maiko atatuwa zithunzi zao. Zambiri za zithunzi za masiku amenewo zinasokedwa ndi msoko umodzi, ndiwo munthu wanzeru ndi munthu wopusa. Wanzeru asunga ndalama ku positi, wopusa azikwirira pansi, mbala niziba. Wanzeru alima monga anena alangizi, wopusa akana, nagona ndi njala. Woonera adziwa chitsiriziro chithunzi chisanafike pakati.

Koma ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, kumene makolo athu ambiri anakagwira nchito, anthu anadzazana kukaona anyamata a ku America okwera pa akavalo, amene anawatcha onse dzina limodzi, Jack. Ndipo anakondwa nao ngakhale ambiri sanamva Chingelezi chao. Chifukwa ninji? Chifukwa anaona ndi maso ao munthu wofuna kanthu, ndi wina womtsekera njira, ndipo mitima inali m'mwamba kufikira mlandu utatha.

Tsono taonani chimene kanema aphunzitsa. Makina ojambula alibe khomo lolowera mumtima wa munthu. Sangathe kujambula ulesi, kapena nsanje, kapena chisoni. Chimene angathe kujambula ndicho khasu lochita dzimbiri lili pakhonde mwezi wa Disembala, mvula itagwa, mwini wake ali gone pa mphasa. Chotero wopanga kanema akakamizidwa kusandutsa za mumtima zikhale zochita ndi zinthu zooneka. Wolemba alibe womkakamiza. Cholembera chimlola kulemba kuti "anali waulesi" ndi kupitirira, ndipo ufulu umenewo ndiwo umpha. Akulu anati, Kandimverere anakanena za m'maluwa. Wowerenga safuna kumumvera wina. Afuna kukhalapo yekha pabwalo, aone, aweruze mwini.

Titenge chitsanzo cha kwathu konkuno. M'chaka cha 2019 kunatuluka kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, amene anatsogolera Chiwetel Ejiofor, namjambula muno m'Malawi, anthu ake nalankhula Chichewa ndi Chingelezi. Nkhani yake inachokera m'buku la 2009 limene William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, analemba pamodzi ndi Bryan Mealer; isimba za mwana amene anachotsedwa sukulu posowa fizi m'masiku a njala ya 2001 ndi 2002, nawerenga mabuku a m'nyumba yobwereka mabuku, namanga makina oyenda ndi mphepo. Ambiri a inu mukumbukira njala imeneyo, pakuti ndi kuno ku chigwa cha Bwanje inafika. Chotero mungathe kuweruza nokha ngati kanemayo anena zoona.

Penyani umo aonetsera njala. Palibe munthu aima patsogolo kunena kuti njala ndi yoipa. Tiona banja likhala pansi ndi kupangana kuti kuyambira lero lidzadya kamodzi pa tsiku. Tiona anthu akankhana pa msika wa chimanga. Tiona galu wa mwanayo, dzina lake Khamba, alikuonda pang'ono pang'ono, kufikira afa. Munthu amene sanagwe misozi pomva chiwerengero cha akufa, aigwetsa poona galu mmodzi, chifukwa galuyo anamdziwa, anamuona akuthamanga pambuyo pa mbuye wake masiku a zokolola. Chomwecho ndi iwe wolemba: ukafuna kutiuza kuti mai wamasiye asauka, usachulukitse mau a chisoni, tionetse alikugugudza thumba la ufa pa lichero, natereka madzi pamoto kuti ana aganize kuti nsima ilinkudza, agone.

Penyaninso amene atsekera mwanayo njira. Si mfiti, si mbala. Ndi atate wake omwe. Kuti amange makina akulu, William afuna kuphwasula njinga ya atate wake, ndiyo chuma chotsiriza cha pakhomopo. Atate akana, naphwanya kamakina kakang'ono kamene mwanayo anayesera, namtuma kumunda. Kodi alakwa? Inu abambo amene muli ndi njinga imodzi yopita nayo ku chigayo ndi ku chipatala, mukadaipereka kwa mwana wa sukulu kuti aiduledule m'chaka cha njala? Apa ndipo pagona mphamvu ya nkhaniyo: onse awiri afuna kupulumutsa banja, onse awiri ali ndi mau omveka, ndipo njinga ndi imodzi. M'nthano ya wanzeru ndi wopusa mulibe mlandu, pakuti woweruza anagamula kale. Ukalemba za mpongozi ndi mtengwa, kapena za mbale ndi mbale olimbirana dimba, mpatse yense chifukwa chake, chakuti wowerenga akadakhala iye akadachita chomwecho.

Pali chinthu china chaching'ono, ndicho dayinamo, kachitsulo kamene kayatsa nyali ya njinga gudumu likamazungulira. Pachiyambi William akaona pa njinga ya mphunzitsi wake, nazizwa nako. Nkhani ipitirira, ife nkukaiwala. Pambuyo pake mlongo wake athawa ndi mphunzitsiyo, kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi, ndipo dayinamo ija itsalira William. Ndiyo imene isanduka mtima wa makina ake. Opanga kanema sajambula chinthu chopanda nchito, pakuti mphindi iliyonse iwadyera ndalama. Chimene adzakolola potsiriza achibzala poyamba, tilikupenya. Wolemba wosazolowera akafika pothina agwetsa chipulumutso kuchokera kumwamba: kalata ya ndalama yochokera ku Joni, kapena malume amene sitinawamve ndi kale lonse. Wowerenga adziwa kuti wanyengedwa. Ngati malumewo adzapulumutsa mwana pa tsamba la 10, tiwaone pa tsamba la 2, ngakhale alikungopempha fodya.

Ndipo musaope kudula. William weniweni poyamba anamanga makina oyatsa magetsi m'nyumba mwao ndi kuliza wailesi; makina opopa madzi anadza pambuyo, patapita zaka. Koma m'kanema makina oyambawo apopa madzi a pachitsime kuthirira munda. Anasintha chotero chifukwa nkhani yao inali ya njala, ndipo nyali siithetsa njala; anafuna kuti chimene mwanayo amanga chiyankhe chimene banja lilira. Mapanga awiri avumbwitsa. Kanemayo agawidwa zigawo zisanu, kufesa, kukula, kukolola, njala ndi mphepo, ndipo masiku a pakati amene mulibe kanthu angolumphidwa. Samuel Nthara, m'buku lake la Nthondo la 1933, anayamba ndi kubadwa kwa munthu nafika ku imfa yake, chifukwa anafuna kuonetsa moyo wonse ndi miyambo yake, ndipo anali nalo buku lathunthu lochitiramo zimenezo. Iwe uli ndi masamba ochepa. Yamba tsiku limene chinthu chathyoka. Za kubadwa tidzazimva m'njira, ngati zifunika.

Koma ndikuchenjezeni, ana anga, kuti pali zina zosayenera kutola ku kanema. Ndawerenga nthano za ana a kuno zodzala ndi nyumba zosanja, mfuti ndi magalimoto othamangitsana, zolembedwa ndi munthu amene sanaone zimenezo koma pa vidiyo. Chimene mukatenge kumeneko ndi luso la mmisiri. Mitengo yomangira mudule kwanu. Shemu Joyah, popanga The Last Fishing Boat m'chaka cha 2012, sanapite kutali. Anatenga msodzi wa ku nyanja yathu, bwato lake ndi banja lake, ndi alendo odzaona nyanja amene ndalama zao zisintha mudzi. Kodi kuno kulibe nkhani? Pali tsiku la msika, pali wogula thonje ndi sikelo yake, pali mnyamata wobwera ku Joni wopanda kanthu m'manja amene aopa kulowa m'mudzi usana.

Musatengenso khalidwe la omasulira a m'nyumba za vidiyo, amene alankhula Chichewa pamwamba pa kanema wachilendo, naonjezapo nthabwala ndi ndemanga zao kuyambira poyamba kufikira potsiriza. Iwo ali ndi nchito yao, ndipo aseketsa anthu. Koma wolemba amene aima pakati pa wowerenga ndi nkhani, namuuza pomwe ayenera kuseka ndi pomwe ayenera kulira, afanana ndi munthu wotafunira mnzake nzimbe. Agogo athu posimba nthano kumoto anati Padangokhala, ife nkuyankha Tili tonse. Anaimba nyimbo ya kalulu, nasintha mau pokhala fisi, ndipo phunziro linadza potsiriza m'mau ochepa, kapena silinatchulidwe konse, koma tilikumbukira kufikira lero.

Musaganize kuti buku lichepa pamaso pa kanema. Kanema alibe fungo. Sangatipatse kununkhira kwa dothi mvula yoyamba itagwa, kapena kuwawa kwa utsi wa m'khitchini. Sangatiuze chimene mkazi aganiza pamene pakamwa pake pavomera koma mtima wakana. Izi ndi chuma cha wolemba yekha. Koma chuma chimenechi chikhale ngati mchere, umene uthiridwa ndiwo zitapezeka kale. Yambani mwatipatsa munthu wooneka, wochita kanthu, pamalo podziwika. Pamenepo mukatsegula mtima wake tidzakhulupirira.

Mnyamata uja ndinamubwezera kope lake, ndipo ndinampatsa nchito iyi, imene ndipatsanso aliyense wofuna. Ukaona kanema pa foni kapena pa wailesi yakanema, tseka mau kwa mphindi 10, nuyese kudziwa amene wakwiya, amene aopa, amene abisa kanthu; ulembe chimene maso ako anaona chokudziwitsa zimenezo. Utatero, tenga nthano yako, nufafanize mau onse oweruza munthu, monga waulesi, woipa, wachifundo, ndipo pamalo pake uikepo chimene munthuyo anachita. Inunso makolo, mwana akabwera ku vidiyo musangomkalipira. Mfunseni kuti, Munthu wa m'kanemayo anafuna chiyani? Anamletsa ndani? Unadziwa bwanji kuti ananama? Mwana woyankha mafunso amenewa waphunzira kupenya, ndipo sadzameza chilichonse chimene aonetsedwa.

Sabata yatha mnyamatayo anabweranso. Masamba 12 aja atsala 5. Nthano tsopano iyamba ndi munthu alikugulitsa khasu la mkazi wake pa mowa, mkaziyo alikulifunafuna kuseri kwa nkhokwe. Sindinagone kufikira nditaitsiriza, ndipo mai a kunyumba anandilanda kopelo kuti awerenge okha.

Tsalani bwino nonse, tidzachezanso mwezi wamawa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ku Kasinje