Mpando wa phungu ndi wa anthu: phunziro la ku Munali

Anthu ambiri kumidzi amakumbukira malemu Rupiah Bwezani Banda monga mtsogoleri wacinai wa dziko la Zambia. Koma ife tikuti sukulu imene inaumba munthuyu pa ndale inali m'makomboni a Lusaka, monga Kalingalinga ndi Mtendere, m'dera la Munali.

Pamene a Banda anapempha mavoti kumeneko mu 1978, anali kale munthu wodziwika. Anali atakhalapo kazembe wa dziko lino ku Egypt, ku America ndi ku bungwe la United Nations, ndiponso nduna yoona za maiko akunja kuyambira 1975 kufikira 1976. Anthu anawasankha kukhala phungu wao m'Nyumba ya Malamulo. Koma pa masankho a 1983 anthu omwewo anawacotsa, napereka mpando kwa a Simeon Kampata. Onse awiri anali a UNIP, pakuti masiku amenewo cipani cinali cimodzi. Komabe mai wogulitsa ndiwo pa msika wa Kalingalinga anali nayo mphamvu yogwetsa nduna yakale. Mu 1991, zipani zambiri zitaloledwanso, a Banda anagonja ku Munali komweko kwa a Ronald Penza a MMD.

Ena akagwa cotero amasunga cakukhosi, nayamba kunyoza anthu amene anawakana. A Banda anadzabwerera kumunda kwao ku Chipata, kumene a Levy Mwanawasa anawaitana mu 2006 kuti akhale waciwiri wao. A Mwanawasa atamwalira mu 2008, mtundu unasankha a Banda kukhala Pulezidenti. Ndipo pamene a Michael Sata a PF anapambana mu September 2011, a Banda anabvomera poyera, misozi ili m'maso, natula udindo mwamtendere. Mtima wotere sumera usiku umodzi. Unaphunziridwa ku Munali zaka 28 m'mbuyomo.

Akulu anati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Wofuna uphungu adziwe kuti mpandowo ndi wobwereka, eni ake ndi anthu. Cotero inu mamembala a cipani m'mabulanchi a kumidzi, munthu akadza kudzapempha kuti mumuimike, musayang'ane maphunziro ace kapena galimoto yace cabe. Mufunseni pamaso pa msonkhano kuti adzacita ciani tsiku limene mudzamkana. Amene funsoli limkwiyitsa, musampatse voti yanu.