Chotupa cha m'chiberekero chikapezeka m'mapapo

Ma fibroid ambirife timawadziwa. Ndi zotupa zomera m'minofu ya chiberekero, si khansa, ndipo amagwira kwambiri akazi achikuda. Ena amataya magazi ambiri akamasamba, ena mimba imalemera, ena mpaka opaleshoni. Chimene sitimva kawirikawiri n'chakuti, mwa apo ndi apo, chotupa chotere chimakameranso kutali ndi chiberekero, makamaka m'mapapo.

Madokotala amalitchula vutoli kuti benign metastasizing leiomyoma, kutanthauza chotupa chosakhala khansa koma chofalikira. Dokotala wina, Steiner, ndi amene analemba za vutoli koyamba mu 1939. Akatswiri ambiri amaganiza kuti timaselo ta chotupacho timalowa m'mitsempha ya magazi n'kukakhazikika m'mapapo, kumene timakula pang'onopang'ono. Nthawi zambiri limapezeka mwa mayi amene anachotsedwapo ma fibroid kapena chiberekero, ndipo pamatha kudutsa zaka 10 kapena kuposa lisanaonekere.

Musachite mantha, ndi vuto losowa zedi, ndipo sichifukwa chothawira opaleshoni imene adokotala anena. Chondilembetsa ine n'china. Ambiri amene ali nalo samva chilichonse, limangotulukira pa X-ray ya pachifuwa imene ajambulitsa pa chifukwa china. Ena amangotsokomola kapena kubanika. Kwathu kuno madontho akaoneka m'mapapo, maganizo amathamangira ku TB, apo ayi khansa yofalikira, banja n'kuyamba kulira maliro munthu ali moyo. Chimene chimathetsa mkangano ndi kupima kachidutswa ka chotupacho. Koma kuti dokotala aganizire n'komwe za chiberekero, ayenera kudziwa za opaleshoni yakale ija.

Apa ndi pamene timapunthwa. Amayi athu nkhani za chiberekero saziulula wambawamba, amangoti "anandipanga opaleshoni ya m'mimba", basi. Buku la kuchipatala lija mwina linanyowa ndi mvula kalekale. Ndipo woperekeza kuchipatala nthawi zambiri ndi ifeyo, osadziwa kanthu.

Nkhani yabwino ndi yakuti zotupazi zimadalira mahomoni achikazi, makamaka estrogen. N'chifukwa chake zina zimafota zokha mayi akasiya kusamba. Ngati sizikuvutitsa, madokotala amangoziyang'anira. Zikamakula, pali mankhwala ochepetsa mahomoniwo, ndipo ena amachitidwa opaleshoni.

Ndiye pempho langa ndi ili. Pezani mpata, mukhale pansi ndi amayi kapena azakhali, mufunse mwaulemu kuti, "Kodi paja opaleshoni ija anachotsa chiyani, chaka chanji?" Ngati mwamuna ukuona kuti n'kovuta, tuma mlongo wako. Jambulani masamba a bukulo pa foni, musunge. Inunso asisi, mukachitidwa opaleshoni ya ma fibroid, funsani zotsatira za chotupa chimene achotsa, ndipo muzizitchula kwa dokotala aliyense, ngakhale mwangopitira chifuwa.